Makina ochotsera sinowo amene ndinagula ku Buffalo: zimene ndaona patatha nyengo zitatu zozizira

Mu Okutobala 2022 ndinatulutsa ndalama zopitirira pang'ono madola 1,100 kugula makina ochotsera chipale chofewa, amene anthu kuno amawatcha snowblower, ndipo masiku oyambirira mtima unkandiimba mlandu woti ndasakaza ndalama, popeza zaka ziwiri za m'mbuyomo ndinali nditathana ndi ntchitoyo pogwiritsa ntchito fosholo ya pulasitiki yokha. Tsopano makinawo adutsa nyengo zitatu zozizira, kuphatikizapo ija ya 2022 imene anthu a mumzinda uno sadzaiiwala msanga, choncho ndikuona kuti ndili ndi zokwanira zoti ndiuze anzanga amene angofika kumene m'madera ozizira a America ndi Canada, amene akudzifunsa ngati chipangizo chimenechi n'choyeneradi mtengo wake. Yankho langa ndi lakuti n'choyenera kwa munthu amene ali ndi bwalo loimikapo galimoto ndi kanjira ka oyenda pansi koti azisesa yekha, koma ndiyenera kunena poyambirira pomwe kuti makinawa amaopsa kwambiri pa nthawi imene akuoneka ngati afooka, osati pamene akubangula, ndipo ndi nkhani imeneyi imene nditayirepo nthawi yambiri.

Kuti zimene ndikunena zimveke, ndiyambe ndi malo amene ndimakhala. Buffalo ali kumapeto kwa nyanja ya Erie chakum'mawa, m'chigawo cha New York, ndipo pachaka pamagwa sinowo wokwana pafupifupi mamita awiri ndi theka. Wambiri mwa sinowo ameneyu amabadwira panyanja pomwepo. Mphepo yozizira yochokera ku Canada ikamadutsa pamwamba pa madzi amene sanaundane, imatenga chinyontho, ndipo ikafika kumtunda imachikhuthula chonse ngati sinowo. Popeza nyanja ya Erie ndi yaitali, mphepo ikalunjika m'litali mwake imayenda makilomita opitirira 300 ikumwa madzi, kenako n'kudzasanzira ife. Amene anakulira m'mphepete mwa nyanja ya Malawi amadziwa mmene mwera umasinthira nyanja m'kanthawi kochepa; kuno nyanja ndi imene imasintha mtunda. Chodabwitsa n'chakuti sinowo wotereyu amagwa m'kamzere kopapatiza, moti munthu akhoza kukhala pa dzuwa kumpoto kwa mzinda pamene mnzake amene ali makilomita 10 chakum'mwera sakuona ngakhale nyumba yoyandikana nayo. Ine ndimakhala chakum'mwerako, kumene kamzereko kamakonda kukhazikika.

Makina amene ndinagula ndi oyendera petulo, otambalala mainchesi 24, amene ndi pafupifupi masentimita 60, ndipo ndi a mtundu umene umagwira ntchito m'magawo awiri. Kutsogolo kuli chitsulo chopotana chimene chimazungulira pang'onopang'ono, chikuphwanya sinowo ndi kumukokera pakati. Kuseri kwa chitsulocho kuli fani yachitsulo yothamanga kwambiri, imene imalandira sinowoyo n'kumuponya m'mwamba kudzera m'paipi yaifupi yopindika imene kunyumba kwathu timangoitcha khosi. Aliyense amene anaimapo pachigayo n'kuona mmene fani imakankhira ufa m'paipi amvetsa msanga, ndipo akumbukiranso kuti woyendetsa chigayo wanzeru sasewera ndi malamba ngakhale magetsi atazima. Makampani odziwika monga Toro, Ariens, Honda ndi Cub Cadet onse amapanga makina a mtundu umenewu, ndipo kapangidwe kake sikasiyana kwenikweni, choncho zimene ndikulemba zikukhudza mtundu wa makina, osati dzina lolembedwa pambali pake. Nzeru yake ndi yakale ndithu: Arthur Sicard wa ku Quebec anapanga makina oyamba oponya sinowo mu 1925, ngakhale ake anali aakulu, omangirira pa lole.

Makina anga amadziyendetsa okha pa matayala awiri, ali ndi magiya 6 opita kutsogolo ndi awiri obwerera m'mbuyo, ndipo amalemera pafupifupi makilogalamu 100. Pa chogwirira chilichonse pali kachitsulo kofinya: kamodzi kamayendetsa matayala, kena kamayendetsa chitsulo chakutsogolo ndi fani, ndipo ukangotula dzanja zonse zimasiya. Injini imalizidwa ndi chingwe chokoka, koma palinso batani limene limagwira ntchito ukalumikiza waya kumagetsi a m'nyumba. Batani limeneli ndinkaliona ngati chinthu cha anthu aulesi mpaka tsiku limene kunazizira moti chingwe chinkandibweza dzanja. Lero ndimalangiza aliyense kuti asagule makina opanda batanilo.

Sindinagule makinawa m'sitolo zikuluzikulu zogulitsa zipangizo zomangira, ngakhale kumeneko mtengo unali wotsikirapo. Ndinapita kukasitolo kakang'ono ka banja limodzi kamene kamagulitsa ndi kukonza makina otchetchera kapinga m'chilimwe ndi ochotsera sinowo m'nyengo yozizira, ndipo mpaka pano ndimaona kuti ndalama zowonjezerazo sizinapite pachabe. Anandibweretsera makinawo kunyumba atamanga kale, atathira oyilo ndiponso atapima mphepo m'matayala. Bambo wachikulire amene anawabweretsa anakhala nane pabwalo kwa theka la ola. Anandionetsa tizitsulo tiwiri ta m'mbali timene timakweza kapena kutsitsa kamwa ya makina, n'kundiuza kuti pa simenti ndizitsitsa kamwayo koma pa miyala ndiziikweza, chifukwa mwala ukalowa mu fani umatuluka ngati wa legeni ndipo ukhoza kuswa zenera kapena kuvulaza munthu. Anandionetsanso mabawuti ofewa amene amamanga chitsulo chakutsogolo, opangidwa dala kuti athyoke chitsulocho chikagunda chinthu cholimba, n'cholinga choti magiya a mkati asaonongeke, ndipo anandisiyira ena anayi apadera. Anandichenjeza kuti ndisadzaikepo bawuti wamba ngakhale ntchito itandipanikiza bwanji. Pomaliza anachotsa kandodo ka pulasitiki kamene kamakhala pamwamba pa makinawo, n'kundipatsa m'manja, ndipo ananena kuti khosi likatsekeka chokhacho chololedwa kulowamo ndi kandodoko. Ndinavomera ndi mutu monga mmene timachitira tikamauzidwa zinthu zimene tikuganiza kuti sizingatichitikire.

Kasitoloko kali ndi zofooka zake. Nyengo yozizira ikangoyamba, mzere wa makina odikira kukonzedwa umatalika, ndipo nthawi ina ndinadikira milungu itatu chifukwa cha vuto laling'ono. Mabawuti ofewa aja amathanso msanga mvula ya sinowo ikagwa yaikulu, moti amene sanasungiretu amabwerako chimanjamanja. Komabe nditaimba foni kufunsa, amandiyankha ngati munthu amene akumudziwa, ndipo kawiri konse anandiuza mmene ndingakonzere ndekha m'malo mondiitanitsa ndalama.

Mayeso oyamba anafika pakati pa Novembala 2022. Kwa masiku angapo kamzere kaja kanakhazikika pa matauni a kum'mwera kwa Buffalo, ndipo ku Hamburg ndi ku Orchard Park kunagwa sinowo wokwana pafupifupi mamita awiri, mpaka masewero a timu ya mpira wa chiAmerica ya Buffalo Bills anasamutsidwira ku Detroit. Kwathu sanafike pamenepo, koma anapitirira m'chiuno. Pamenepa ndinaphunzira chinthu choyamba chimene wogulitsa aliyense ayenera kumanena momveka: kamwa ya makina anga ndi yotalika pafupifupi theka la mita, ndipo sinowo akapitirira pamenepo makinawo amangoboola una pansi, wapamwamba n'kumagwera pa injini. Njira yabwino ndiyo kusadikira kuti sinowo asiye kugwa. Ndinkatuluka maola anayi kapena asanu alionse, ngakhale usiku, kuchotsa amene wagwa asanachuluke, ndipo pochita motero bwalo lonse linkanditengera mphindi 40 zokha, pamene ndi fosholo ntchito yomweyo inkadya maola atatu ndi msana womwe. Sinowo wouma, wopepuka ngati gaga, makinawo ankamuponya mamita 10 kapena kupitirira, ndipo kunena zoona ntchitoyo inkakoma.

Pamene makinawa anandigwira mtima zenizeni ndi pakhomo lolowera kuchokera kumsewu. Galimoto za boma zokankha sinowo zikamadutsa, zimasiya mulu wolimba wosakanikirana ndi mchere ndi zibuma za madzi oundana pakhomo la nyumba iliyonse, ndipo nthawi zambiri zimadutsa munthu utangomaliza kusesa. Mulu umenewu ndi umene umathyola mafosholo ndi mitima ya anthu. Makina ang'onoang'ono a gawo limodzi, amene chitsulo chake chokutidwa ndi labala chimakokolola ndi kuponya nthawi imodzi, amalephera pamenepa. Anga amadutsa, bola ndiike giya yoyamba ndi kumaluma theka la kamwa nthawi imodzi m'malo mofuna kumeza zonse.

Kenako kunabwera Disembala. Lachisanu pa 23 m'mawa kunayamba ndi mvula wamba, kenako kuzizira kunatsika mwadzidzidzi, mphepo inafika liwiro lopitirira makilomita 110 pa ola, ndipo kwa maola oposa 30 otsatizana munthu sankatha kuona dzanja lake atalitambasula. Pabwalo la ndege la Buffalo anayeza sinowo wokwana masentimita pafupifupi 130 m'masiku ochepa amenewo. Boma linaletsa galimoto kuyenda, ndipo mumzinda wa Buffalo chiletsocho chinakhala pafupifupi masiku 6. Nyumba zambirimbiri zinakhala zopanda magetsi pa Khirisimasi, ngakhale galimoto za ozimitsa moto ndi maambulansi zinatitimira m'misewu, ndipo anthu oposa 40 anamwalira m'derali: ena m'galimoto zawo, ena panja atasokera, ena m'nyumba zozizira, ena chifukwa thandizo lachipatala silinathe kuwafikira, ndipo ena mtima unaima akuchotsa sinowo. Akuluakulu amene anaona mkuntho wa 1977 ankanena kuti uwu unali woopsa mofanana kapena kuposa.

M'masiku awiri oyambawo makina anga a madola 1,100 anali chitsulo chabe chogona m'galaja. Ndikunena izi chifukwa pali anthu amene amaganiza kuti kugula makina ndiko kukonzekera mkuntho. Mphepo ikamawomba chotero, chilichonse chimene waponya chimakubwerera kumaso, njira imene watsegula imatsekeka usanatembenuke, ndipo munthu akhoza kusokera pabwalo la nyumba yake yomwe. Zimene zinatithandiza masiku amenewo zinali tochi, mabulangete, madzi osungiratu, ufa ndi nyemba zimene mayi a kunyumba salola kuti zithe, ndi fosholo yakale ija. Fosholoyo ndinkatuluka nayo kwa mphindi zochepa, nditatsamira khoma, kukafukula mapaipi awiri a m'mbali mwa nyumba amene makina otenthetsera nyumba amapumira. Mapaipi amenewa akakwiririka, mpweya wa poizoni wa carbon monoxide umabwerera m'nyumba, ndipo ulibe fungo kapena mtundu. Ife amene tinakula tikuchenjezedwa kuti tisagone ndi mbaula ya makala m'chipinda chotseka tikuidziwa imfa imeneyi, kungoti kuno imabwera itavala zovala zina. Pa mkuntho umenewu munthu mmodzi wa m'boma loyandikana la Niagara anamwalira mwa njira yomweyi. Mpweya womwewu umatulukanso m'makina ochotsera sinowo, choncho sayenera kulizidwa m'galaja yotseka ngakhale kwa mphindi ziwiri zotenthetsa injini. Ine ndimawakankhira panja kaye, waya wa magetsi n'kuwatsatira komweko. Chimodzimodzinso galimoto yokwiririka: paipi ya utsi iyenera kufukulidwa injini isanalizidwe.

Mphepo itadekha tinatuluka, ndipo tinapeza kuti sinowo sanagone mofanana. Mbali ina ya bwalo simenti inkaoneka, pamene mbali ina panali phiri lofika padenga la galaja, lolimba moti munthu ankatha kuyendapo osatitimira. Pamenepa makina ndi fosholo anagwira ntchito ngati mtondo ndi munsi: ine ndinkagumula phirilo ndi fosholo, kenako makina n'kumaponya zogumukazo kutali. Tinatha masiku awiri, tikupumula pafupipafupi. Ndinathyola mabawuti ofewa awiri, limodzi chifukwa cha nthambi imene mphepo inagwetsa, lina chifukwa cha kapeti ya pakhomo imene inaulukira pabwalo n'kukwiririka. Kusintha bawuti kumatenga mphindi zisanu ngati uli ndi masipanala awiri ndiponso zala zikumvabe. Kuyambira pamenepo, ndikamva kuti kukubwera sinowo, ndimayendera bwalo lonse kuchotsa mapaipi othirira maluwa, zidole za ana, mawaya ndi nyuzi zimene amaponya pakhomo, ndipo ndimazika timitengo m'mphepete mwa bwalo kuti ndizidziwa pamene simenti yathera.

Tsiku limene ndikufuna kulifotokoza bwino linafika chakumapeto kwa sabata yomweyo, pamene kunja kunafunda mwadzidzidzi ndipo sinowo anayamba kusungunuka. Sinowo wonyowa ndi chinthu china kotheratu. Amalemera, amamata ngati phala lozizira, ndipo m'malo mouluka amangotuluka m'khosi ngati nsima yothawa mumphika, kenako n'kutsekeratu. Tsiku limenelo khosi linatsekeka kasanu pa ola limodzi. Maulendo anayi oyamba ndinachita zonse mwa dongosolo. Ulendo wachisanu ndinali nditatopa, magolovesi atanyowa, kandodo kaja nditakasiya pa khonde, ndipo chibuma chotsekacho chinkaoneka pafupi kwambiri, pakamwa penipeni pa khosi. Ndinatula manja pa zogwirira, chitsulo chakutsogolo chinaima, ndipo ndinazungulira kutsogolo dzanja lili kale m'mwamba. Mayi a kunyumba, amene ankasesa masitepe, anakuwa kuti, "Bambo, zimitsani kaye injiniyo, dzanja lanulo lisalowemo!" Ndinawayankha kuti zonse zaima kale, koma iwo anatsika n'kundipatsa kandodoko osanenanso kanthu. Ndinazimitsa injini, ndinachotsa kiyi, ndinadikira pang'ono, kenako ndinalowetsa kandodo n'kukankha chibumacho. Chitangogumuka, fani inalumpha yokha mwamphamvu, injini ili chizimire, ndipo inaluma nsonga ya kandodoko n'kusiya mpata wozama umene ulipobe mpaka lero.

Chimene chimachitika n'chakuti fani ikaimitsidwa ndi chibuma, mphamvu imene injini inali itatumiza sithera pomwepo. Imatsalira m'lamba wokokeka ndi m'zitsulo zopotoka pang'ono, monga mmene msampha wotchera umakhalira chete koma uli ndi ukali wake wonse. Ukachotsa chotsekacho, mphamvuyo imamasuka, ndipo fani imazungulira kagawo kochepa chabe, koma kagawo kameneko n'kokwanira kudula zala. Madokotala ochita opaleshoni ya manja ku America amachenjeza za zimenezi chaka chilichonse, chifukwa anthu masauzande amafika kuchipatala atavulazidwa ndi makinawa, ndipo kawirikawiri ndi nsonga za zala zapakati za dzanja limene munthu amagwiritsa ntchito kwambiri. Ovulalawo nthawi zambiri si achibwana kapena alendo ngati ine. Ndi abambo amene agwiritsa ntchito makinawa kwa zaka zambiri ndipo anazolowera. Mu Disembala 2008 Joe Sakic, kaputeni wa timu ya hockey (masewero a pa madzi oundana) ya Colorado Avalanche, munthu wokulira ku Canada, anathyoka zala zitatu ndi makina otere kunyumba kwake. Magolovesi sateteza chilichonse pamenepa, ndipo akhoza kukodwa n'kukokera dzanja lonse mkati. Phazi nalonso siliyenera kukankha chilichonse kukamwa kwa makina.

Pa mfundo imeneyi ndili ndi dandaulo limodzi pa kapangidwe ka makinawa. Kandodo kamene amapereka n'kakafupi, ndipo malo ake okolekapo amadzaza madzi oundana moti kukachotsa kapena kukabwezera ndi magolovesi kumavuta, n'chifukwa chake tsiku lija ndinakasiya pa khonde. Chinthu chimene chitetezo cha zala chimadalira sichiyenera kukhala chovuta kuchipeza. Ndinadula mpini wa tsache wakale n'kuumangirira pa chogwirira ndi chingwe, ndipo umagwira ntchito bwino kuposa kandodoko. Ndaphunziranso kuti kutsekeka kumachepa ukapopera mafuta oterera m'khosi usanayambe, ukasunga injini pa liwiro lake lonse, ndiponso ukamayenda pang'onopang'ono osadzaza kamwa yonse.

Zofooka zina ndi zazing'ono koma zimatopetsa. Chogudubuza chotembenuzira khosi chimagwidwa ndi madzi oundana makina akagona panja kwa ola limodzi. Nyali yakutsogolo ndi yofooka, ndipo imawalitsa kwambiri kumbuyo kwa khosi kuposa njira, moti usiku ndimavala tochi ya pamutu. Pokhota, makina anga amafuna mphamvu za m'mapewa chifukwa matayala onse awiri amazungulira limodzi. Alipo okwererapo mtengo amene amamasula tayala limodzi pokhota, ndipo ndikanakhala kuti ndikugula lero ndikanawonjezera ndalamazo, makamaka kuti mayi a kunyumba azithanso kuwagwiritsa ntchito ine kulibe. Phokoso lake ndi lalikulu moti zotseka m'makutu n'zofunika, koma zikatero sumva galimoto ikubwera, choncho pakhomo la kumsewu ndimayang'ana mbali zonse kawiri. Mpango wa m'khosi ndimaulowetsa mkati mwa jekete kuti usalendewere pafupi ndi zozungulira, ndipo ana saloledwa kukhala pabwalo makina akamalira.

Vuto lokhalo la injini limene ndakumana nalo linali kulakwa kwanga. Nyengo yoyamba itatha ndinasiya petulo m'thanki chilimwe chonse. Petulo wamba wa kuno amasakanizidwa ndi ethanol, amene amakoka chinyontho ndipo akakhalitsa amasiya utomoni m'timabowo ta kabuleta, choncho pofika Novembala 2023 injini inkangotsokomola. Kumeneku ndiye kunali kudikira kwa milungu itatu kuja. Tsopano ndimathira mankhwala osungira petulo m'chigubu chilichonse, ndimagula wochepa wokwana mwezi umodzi, ndipo kumapeto kwa nyengo ndimasiya injini ilire mpaka petulo athe. Oyilo ndimasintha kamodzi pachaka, ndipo pulagi ndi malamba ndimaziyang'ana mu Okutobala, osati tsiku limene sinowo wagwa. Petulo sathiridwa injini ili yotentha kapena ikulira. Ndimadzaza thanki ndisanayambe, ndipo likatha ndimapezerapo mpata womwa tiyi pamene injini ikuzizira.

Pali chinthu china chimene otsatsa malonda satchula, ndicho mtima wa munthu. Anthu ambiri amagula makinawa atamva kuti kuchotsa sinowo ndi fosholo kumapha, ndipo n'zoona: kuzizira kumafinya mitsempha ya magazi, ntchito ya manja imakweza kuthamanga kwa magazi, ndipo munthu amene chaka chonse amakhala pampando amadzuka m'mawa n'kunyamula matani a sinowo asanadye n'komwe. Bungwe la American Heart Association limachenjeza za zimenezi nyengo iliyonse yozizira. Makina amachepetsa katunduyo kwambiri, koma samuchotseratu, chifukwa kulimbana ndi chitsulo cha makilogalamu 100 m'sinowo wofika m'mawondo ndi ntchito ndithu. Munthu amene ali ndi vuto la mtima, BP kapena shuga, matenda amene afala pakati pathu, ayenera kufunsa dokotala, ndipo mwina ndalama zake zingagwire bwino ntchito polipira anthu a galimoto zokankha sinowo amene amalemba mgwirizano wa nyengo yonse. Iwo nawonso ali ndi malire, popeza pa mkuntho wa 2022 sankatha kuyenda, ndiponso ambiri sasesa masitepe kapena kanjira ka oyenda pansi, kamene malamulo a kuno amati ndi udindo wa mwini nyumba. Aliyense akamva kupweteka kapena kulemera pachifuwa, kupuma movutikira kapena ululu wotsikira kudzanja, asiye pomwepo n'kuimba 911, nambala yoitanira thandizo la mwadzidzidzi.

Kwa amene amachita lendi chipinda m'nyumba zosanjikizana, kumene mwini nyumba ndiye amasamalira bwalo, makinawa alibe ntchito, ndipo fosholo yaing'ono ya m'galimoto ndi yokwanira. Kwa amene ali kumalo kumene sinowo amagwa masentimita 10 kapena 15 pa nthawi, makina a gawo limodzi kapena a batire ndi opepuka, osavuta kusunga, ndipo safuna petulo; mnansi wanga ali ndi a batire ndipo amawayamikira, ngakhale pa mkuntho uja magetsi atazima analibe potchajira. Koma kwa amene ali m'kamzere ka nyanja ngati ine, kaya ku Buffalo, mumzinda wa Erie, ku Syracuse kapena kutsidya ku Ontario m'dziko la Canada, makina a magawo awiri ndiwo oyenera, ndipo mainchesi 24 ndi okwanira bwalo la galimoto ziwiri. Aakulu kuposa pamenepo amadya malo m'galaja ndipo amavuta kukhota. Agulidwe mu Seputembala kapena Okutobala, chifukwa sinowo woyamba akangogwa m'masitolo mumatsala fumbi lokha.

Phindu lina limene sindinaliwerengere pogula ndi la ubale. Pamsewu wathu pali agogo aakazi amene amakhala okha, ndipo ndikamaliza kwanga ndimangopitiriza kanjira mpaka pakhomo pawo, zimene zimanditengera mphindi 10. Ndimafukulanso mpope wofiira wa ozimitsa moto umene uli pakona, kusiya pafupifupi mita imodzi mbali zonse monga mmene ozimitsa motowo amafunira, ndipo ndimaonetsetsa kuti khosi silikuloza kumsewu, kumawindo kapena pabwalo la mnansi, popeza kuponya sinowo mumsewu n'koletsedwa ndipo kuponyera mnzako ndi chiyambi cha udani wa zaka. Mu Januwale 2024, pamene kunagwanso sinowo wambiri mpaka timu ya Bills inalemba anthu wamba aganyu kuti akachotse sinowo ndi mafosholo pa bwalo la masewero ku Orchard Park, makina anga analira pa kudina koyamba, ndipo pofika masana nyumba zinayi za mbali yathu zinali zotseguka. Mabawuti ofewa ndatsala nawo asanu ndi limodzi m'kachitini ka pa shelefu, lamba wa fani wayamba kung'aluka m'mphepete ndipo ndamuitanitsa kale kukasitolo kaja, pamene mpini wa tsache uja udakali pa chogwirira, ndipo nawonso tsopano uli ndi zipsera ziwiri za mano a fani.